Masaka Amene Sindinakolole

Ndiyambe ndi kuthokoza, chifukwa ana anga atatu onse ali moyo ndipo chaka chija sitinakumbe manda pakhomo panga. Mulungu anatigwira dzanja. Koma ndikayamba kukamba za chaka chimenecho mawu amakwera okha, ana n'kumati, "Amama, mwayambanso." Inde, ndayambanso. Dzuwa linatentha minda ya tonse kuno ku Tembwe, silinasankhe munthu. Chimene chinasankha woti adye ndi woti agone ndi njala ndi chinthu chimene tinachivomera tokha, titakweza manja pansi pa mtengo wa msikidzi.

Okutobala

Gulu lathu la alimi linkalemba zonse m'buku lalikulu lachikuto chakuda: dzina la munthu, munda wake, chimene wabzala ndi chimene wakolola. Chiswe chinalowa m'nyumba ya a Ngulube, apampando athu, n'kulidya bukulo mpaka pakati. Ndiye Madamu Mulenga, mlangizi wathu wa zaulimi, mtsikana wa ku Kitwe amene anatumizidwa kudzagwira ntchito kuno, anati manje anthu akusunga zimenezi mu foni. Anati mapulogalamu alipo awiri, tisankhe tokha yoti tizilembamo.

Yoyamba anationetsa iye mwini. Inali yosakongola, mizere yokhayokha ngati kope la kusukulu. Koma inkagwira ntchito ngakhale popanda netiweki, ndipo pa munda umodzi unkatha kulemba chimanga, maungu, nyemba, nshawa, mpaka mapesi ndi masamba a nshawa amene timasungira mbuzi m'chilimwe. Ukalakwitsa, umafufuta n'kulembanso.

Yachiwiri inabwera ndi bambo wa bungwe lina, pa galimoto yoyera. Dzina la bungwelo ndilisiya. Bamboyo anatsegula foni yaikulu n'kutionetsa minda yathu monga mmene khwangwala amaionera ali m'mwamba. Aliyense anafuna kuona wake. Ine ndinauona wanga, ndi chulu chake chapakati chija, ndipo ndinaseka ngati mwana. Anati amene walembedwa mmenemo wadziwika mpaka ku Lusaka, ndipo thandizo likabwera, kaya mbewu kaya chakudya, maina azichokera mmenemo. Anatinso apampando alandira foni yaulere. Bokosi lake analiika pa tebulo kuti tonse tilione.

NyaZimba anaimirira. Ameneyu ndi mnzanga woyandikana naye nyumba, tinakulira limodzi, ali ndi ana asanu ndi mmodzi ndipo pakamwa pake palibe chitseko.

"Abwana, kuno foni timaimbira pamwamba pa chulu cha kusukulu. Chinthu chanuchi chiyenda bwanji?"

"Amai, netiweki ibwera manje-manje, musade nkhawa."

"Nanga chakudya cha mbuzi tilemba pati? Nanga maungu a m'chimanga?"

"Ivo tizaikamo kutsogolo."

"Kutsogolo kwa ndani?"

Anthu anaseka, nkhani n'kuthera m'kuseka. Madamu Mulenga ananena motsitsa mawu, poti mlendoyo anali wamkulu kwa iye: "Mufunsenso kuti ngati mwalakwitsa, afufuta ndani."

"Madamu," anatero a Ngulube, maso ali pa bokosi, "ife si ana. Munthu angalakwitse munda wake?"

Tinakweza manja kusankha ya bambo wa galimoto uja. Sindibisa, langa linali m'mwamba, linali lowongoka bwino. Amene sanakweze ndi NyaZimba ndi madala awiri, ndipo mmodzi wa madalawo anali m'tulo.

Disembala

Mvula inayamba bwino. Ndinabzala chimanga munda wonse umene amuna anga anandisiyira atamwalira, nshawa kumunsi, maungu ndi nyemba m'mizere. Mbewu zitamera a Ngulube anatiitana kuti tikalembetse. Anakhala pamwamba pa chulu cha kusukulu ndi foni yawo yatsopano, ambulera kumutu, ife tili pa mzere pansi, aliyense n'kumakuwa mayankho ake kuti amveke pamwamba.

Mafunso anali ochepa. Dzina ndi nambala ya reji, chitupa chathu cha boma chija. Anthu angati pakhomo. Mbewu, koma imodzi chabe, ina ilibe malo. Mbuzi zingati. Lomaliza linali lakuti, "Muyembekeza kukolola masaka angati?"

Kuno munthu satchula zokolola zake pagulu. Ngakhale nkhokwe ikuchita kulira ndi kulemera, amati, "Ah, tapezako tochepa." Amaopa maso a anthu. Ndiye amene amakolola khumi anakuwa kuti awiri. A Ngulube eni ake, amene amalima ndi ng'ombe zobwereka kwa mlamu wawo, anadzilembera awiri. NyaZimba anati atatu.

Ine mayi anga anandilera mwa njira ina. Ankati mbewu ikakhala m'nthaka sutchula zochepa, kutero ndi kutemberera munda wako ndi pakamwa pako. Ndipo m'mawa womwewo ndinali nditagwada pakati pa mizere n'kumuuza Mulungu kuti, Atate, ana awa alibe bambo, bambo wawo ndinu. Ndikanachoka pamenepo n'kukakuwa pagulu kuti ndiyembekeza awiri? Chaka chabwino ndimakolola asanu ndi atatu. Ndinakweza mutu n'kunena kuti, "Makumi awiri ndi asanu."

"Ameni, NyaGoma!" anatero a Ngulube akuseka, chala chikudina.

NyaZimba anandikoka chitenje. "Iwe, wapenga? Akufunsa a Ngulube, sakufunsa Yesu."

"Amene akumva ndi Yesu."

"Chabwino, mayi busa. Ukakolola undiitane ndidzakuthandize kunyamula."

Febuluwale

Mvula inaleka chimanga chitangotulutsa ngayaye. Sabata yoyamba tinati ipuma chabe. Yachiwiri masamba anapindika ngati a anyezi. Yachitatu tinasala kudya mpingo wonse, tinapemphera mpaka mawondo kutupa. Mitambo inkabwera masana kuchokera kumapiri, n'kuima, n'kutiyang'ana, n'kupita. Nthaka inang'ambika mpaka phazi la mwana kulowa. Ukadutsa m'munda, chimanga chinkalira ngati mapepala.

Kumunsi kwa munda wanga, pafupi ndi kamtsinje, kunatsala mizere yobiriwira. Ndinkaiyang'ana ngati mwana wodwala amene wayamba kumwa phala. M'mawa wina mu Malichi ndinapeza njovu zadutsamo. Zinasiya ndowe ndi mapazi. Ndinakhala pansi pomwepo, sindinalire. Njovu nayo inali ndi njala, ndinaimvetsa.

Meyi

Ndinakolola saka limodzi ndi theka, chimanga chake chonga mano a mwana. Nshawa zinali makoko opanda kanthu, ndipo masamba ake anapserera m'munda, osatsala oti ndisungire mbuzi. Mapesi anali afupiafupi, mbuzi zanga zisanu ndi imodzi zinawatha mwezi usanathe.

Ndinapita kwa a Ngulube. "Apampando, mulembe zoona manje. Saka limodzi ndi theka."

"Tidzalemba, NyaGoma. Mabandulo a intaneti anatha. Bungwe linalipira miyezi itatu chabe."

"Nanga tisonkhe?"

"Musavutike, a bungwe abwera okha. Aona kuchokera m'mwamba kuti minda yapsa."

Ndinabwerako mtima uli pansi. Chimene sanatiuze, iwo kapena bambo wa galimoto uja, n'chakuti Juni akatha pulogalamuyo imatseka chaka yokha. Ndipo pamene sipanalembedwe zokolola zenizeni, imatenga zija munthu ananena kuti ayembekeza n'kuziyesa zokolola. Izi tinadzazimva mochedwa, kwa Madamu Mulenga, iyenso atachita kufunsa.

Ogasiti

Mtengo wa meda ya chimanga, kachitini kaja timayezera pamsika, unali utakwera kawiri, ndipo ogulitsa ankaidzaza mosafika pakamwa. Mphekesera zinali zambiri. Ena ankati chimanga cha thandizo chafika kale ku boma, ena ankati chapita ku Chifunda, ena ankati chidzaperekedwa kwa okhawo a mpingo wakuti. Kenaka uthenga woona unabwera: bungwe lija lipereka saka limodzi pakhomo mwezi uliwonse, koma malo ndi owerengeka, alandira okhawo ovutikitsitsa.

Tinasonkhana pabwalo la sukulu. Mlembi wa bungwe anawerenga maina pa pepala lochokera mu pulogalamu ija. Anayamba ndi amene anakolola zochepa. A Ngulube anatchulidwa koyambirira. Ine ndinaima ndi saka langa lopanda kanthu, nditalipinda bwino m'khwapa. Dzina lomaliza linali la NyaZimba. Mlembi anapinda pepala.

"Abwana, simunathe," ndinatero.

"Ndatha, amai. Dzina?"

Ndinamuuza. Anayang'ana mu foni. "Imwe muli na masaka twente-faifi na mbuzi sikisi. Imwe ndimwe olemera pano."

Anthu ena anaseka. Kuseka kumeneko ndimakumvabe. Ndinatembenukira kwa a Ngulube, amene anali atakhala kale pa saka lawo.

"Apampando, auzeni. Munda wanga mumaudziwa."

"NyaGoma, munanena nokha. Anthu onse anamva. Ine ndinangodina."

"Ndinabwera kwanu mu Meyi!"

"Mabandulo, mayi. Ndikanadina ndi chiyani?"

"Inu munakolola angati? Nenani pano, pamaso pa Mulungu. Ngolo ija inalowa kwanu kawiri inanyamula mchenga?"

"Samalani pakamwa, NyaGoma."

"Pakamwa panga ndi pamene pandipha kale, ndisamalenso chiyani?"

NyaZimba anandigwira mkono n'kundichotsapo. Panjira sanandinene kuti ndinakuuza. Tikufika kunyumba anamasula saka lake, anayeza meda zitatu n'kuthira m'beseni langa.

"Uli ndi ana asanu ndi mmodzi," ndinatero.

"Ndawawerenga kale, ndinawabala ndine. Tenga."

Okutobala

Miyezi imeneyo sindikonda kuikumbuka. Ndinkagwira ganyu m'madimba a anthu, kuthirira kuyambira m'mawa mpaka dzuwa pamutu, malipiro ake gaga. Tinadya masau ouma, tinadya phala la malambe, mango atangoyamba tinkawaphika aawisi. Mwana wanga wamng'ono anasiya kusewera, ankangokhala pakhonde n'kumayang'ana nkhuku za eni.

Mbuzi zinayamba kudya makungwa ndi mapepala a pulasitiki. Ziwiri zinafa. Zitatu ndinagulitsa kwa anthu a ku Lundazi pa mtengo wa nkhuku, poti zinali mafupa okhaokha. Koma mu foni ya a Ngulube zonse zisanu ndi imodzi zinali moyo, zonenepa, zikudya msipu umene pulogalamuyo inalibe ngakhale malo oulembapo.

Mwezi uliwonse galimoto ya chimanga ikabwera, NyaZimba ankabwera ndi meda zitatu. Tsiku lina ndinakana. Anaziika pakhomo n'kunena kuti, "Ukazisiya zidya nkhuku, ndipo tchimo likhala lako, mayi busa."

Ndinkapemphera, koma mapemphero anga anasintha. Ndinkati, Atate, ndinakulemekezani pagulu, amene anabisa akudya, ine amene ndinakudalirani ndikuphika mango. Mundiyankhe. Ndinkachita mantha ndi mawu anga omwe, koma ndinkawanenabe.

Novembala

Madamu Mulenga sanatitaye, Mulungu amudalitse kumene ali. Iye anali ndi kope lakelake limene ankalembamo akamayendera minda pa njinga yake yamoto. Mmenemo munali tsiku limene anaona munda wanga utapsa ndi tsiku limene anaona mapazi a njovu. Anatumiza mauthenga ku bungwe kangapo, osayankhidwa. Pomaliza anati, "Amai, tiyeni ku boma mukaonekere mweka, akakuoneni ndi maso. Munthu ni wovuta kumukana ngati aimirira pamenepo."

Ndinagulitsa mbuzi yotsala kuti ana akhale ndi chakudya ndili kulibe. Madamu ananditenga kumbuyo kwa njinga yake mpaka ku Chama, fumbi lili m'mano.

Mu ofesi ya bungwe munali mtsikana wovala bwino, wa msinkhu wa mwana wanga woyamba. Sanali wamwano, ndisamunamizire. Anatenga reji yanga, anadina, n'kutembenuza kompyuta kuti ndione. Munda wanga unali pomwepo, ndi chulu chake, wobiriwira. Chinali chithunzi cha mu Januwale.

"Amai, sisitemu ikamba ati muli na masaka twente-faifi."

"Mwana wanga, inyamule sisitemuyo tipite nayo kwathu, ikandionetse pamene ndinawaika. Ikawapeza, khumi ndi ako."

Anaseka pang'ono, kenaka anaona kuti ine sindikuseka.

"Fufuta ulembe saka limodzi ndi theka," ndinatero. "Umboni uli m'kope la Madamu."

"Ine sinikwanisa kufufuta. Chaka chinavalika, anachitseka."

"Angathe ndani?"

"Ba ku Lusaka."

"Dzina lake ndani, ndimuimbire?"

"Ni ofesi chabe, amai, si munthu umodzi."

Pamenepo ndinavula mpango kumutu, chinthu chimene sindinachitepo pamaso pa alendo, kuti aone mmene tsitsi linathothokera. Ndinamuonetsa manja. Ndinati, "Jambula izi utumize ku ofesi yopanda munthuyo. Uwauze kuti mayi wa masaka makumi awiri ndi asanu ndi ameneyu. Chiswe chinadya buku lathu, koma chiswe sichinandinamizirepo." Mawu anakwera mpaka mlonda anasuzumira pakhomo. Mtsikanayo anajambula masamba a kope la Madamu, maso ake ali ndi misozi, n'kunena kuti ayesa.

Pobwerera mvula yoyamba inatipeza panjira. Ndinabzala mbewu zopempha kwa anthu a mpingo.

Januwale

Madamu anabwera kudzandiuza kuti a ku Lusaka akonza. Ndinagwada pabwalo pomwepo, m'matope, ndinaimba. Ndinathamangira kwa NyaZimba. Anavina nane, n'kunena kuti, "Manje meda zanga zipume."

Tsiku la galimoto tinapita limodzi, aliyense ndi saka lake m'khwapa. Dzina langa linatuluka lachitatu. Amayi a mpingo analulutira. Ndinasaina ndi dzanja langa, ndinakhala pa saka langa kudikira mnzanga kuti tibwerere limodzi. Mlembi anawerenga, anawerenga, n'kupinda pepala.

NyaZimba anali chiimire.

"Abwana, NyaZimba," ndinatero. "Ndi womaliza nthawi zonse."

"Malo ni yamene yaja, amai. Pakalowa umodzi pamwamba, wa pansi achoka. Sisitemu ichita yeka."

Palibe amene anandiuza zimenezi. Madamu sanadziwe, mtsikana wa ku boma sananene. Ulendo wonse uja, kuvula mpango kuja, ndinkapita kukachotsa chakudya m'kamwa mwa ana asanu ndi mmodzi a munthu amene ankandidyetsa. Ndipo a Ngulube anali pomwepo, akumangirira saka lawo pa njinga.

Ndinawayandikira. "Apampando, chotsani dzina lanu. Mukudziwa kuti m'nyumba mwanu muli chimanga."

"Ine sindingathe kufufuta, NyaGoma. Mwaona nokha mmene zimavutira."

"Ndiye mupatseni sakalo."

Anakwera njinga.

Saka langa tinaligawa pakati ndi mbale, ine ndi NyaZimba, pakhonde pake. Ndinayamba kupepesa. Anati, "Tseka pakamwa. Unandichotsa ndiwe? Gwira saka bwino, ukutaya." Koma theka la saka pa anthu asanu ndi awiri si chakudya. Mu Febuluwale, mwezi woipitsitsa, mwana wake woyamba, Tamara, amene anali ndi mutu wa sukulu kuposa ana onse a m'mudzi muno, anapita kukakhala kwa bambo wina wogulitsa nsomba, wa mkazi kale. Panalibe ukwati, panalibe nyimbo. Ananyamula kathumba n'kupita masana, amake ali kumunda.

Epulo

Mvula ya chaka chimenecho inagwa bwino. Tinadya maungu, tinadya chimanga chachiwisi, ana anayambanso kuchita phokoso. Ndinathokoza ndipo ndikuthokozabe. Galimoto yoyera sinabwerenso, ndipo foni ija a Ngulube amamverapo nyimbo.

Pa Pasaka panali mgonero. Abusa ananena monga amanenera nthawi zonse, kuti amene ali ndi chifukwa ndi mnzake mumtima ayambe wakhululuka asanabwere kutsogolo. Anthu anaimirira benchi ndi benchi. A Ngulube anali m'gulu loyamba, jekete lili lowongoka. Itafika benchi yathu NyaZimba anaimirira, ine ndinakhala.

"Tiye, iwe," ananong'ona.

"Sindinakhululuke."

"Ndani?"

"Ndi chimene ndikufuna kudziwa. A Ngulube akuti anangodina. Mtsikana uja akuti ndi a ku Lusaka. Ku Lusaka akuti kulibe munthu. Ndikhululukire ndani, foni? Andibweretsere munthu mmodzi anene kuti ndine, ndimukhululukira lero lomwe."

"Anthu akutiyang'ana."

"Pita iwe. Ulibe mlandu ndi munthu."

Anaima pang'ono, akuyang'ana kutsogolo kumene atsikana a kwaya anaima, pamalo pamene Tamara ankaima. Kenaka anandigunda ndi bondo.

"Sendera," anatero. "Ine ndimangopita kuti anthu asandinene."

Ndinasendera. Tinakhala awiri pa benchi, mpingo wonse ukutidutsa, mpaka nyimbo inatha.